Ana adyere pamphasa, koma chipande chiyambire kwa iwo

Khirisimasi yapitayi mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anabwera kumudzi kuchokera ku Manchester ndi ana ake awiri. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, mayi anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuitana adzukulu mmodzimmodzi kuti akakhale kumeneko. Mlamu wangayo anandikokera kuseri kwa khitchini n'kundinong'oneza kuti, "Alamu, ana angatu anazolowera kudya patebulo limodzi ndi ife. Kuwapatula chonchi aona ngati tikuwasala." Mayi makutu awo ngakuthwa. Anali chogwada akupakula mpunga, ndipo osatembenuka n'komwe anangofunsa kuti, "Tebulo lake liti, mwana wanga?"

Tsiku limenelo pakhomo tinalipo anthu 23. Tebulo la mayi lili ndi mipando isanu ndi umodzi, wina mwendo wake ngomangirira ndi waya.

Pankhani ya mphasa ndili mbali ya mayi, ndipo sindichita nazo manyazi. Ana kudya paokha pa tsiku la chikondwerero si nkhanza, si kutsalira, ndipo sindikuona chifukwa chotayira mwambowu. Koma mlamu wanga ananunkhiza kanthu koona, ngakhale analoza polakwika. Iye ankayang'ana pomwe ana akhala. Akanasuzumira m'mbale yomwe inapita pamphasapo, mlandu wake ukanakhala ndi mutu.

Choyamba ndi masamu chabe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi tinalipo anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali osakwana zaka 18. Banja lililonse likasonkhana, ana amachuluka ngati akuluakulu kapena kuposa. Nyumba zathu sizinamangidwe kuti anthu 20 akhale mozungulira thabwa limodzi. Ngakhale ku America, komwe nyumba zake timazionera pakanema, akasonkhana pa chikondwerero chawo chothokoza chotchedwa Thanksgiving, Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala, mabanja ambiri amaika katebulo ka ana pambali, ndipo nawonso amakangana chaka ndi chaka ngati n'koyenera. Tisamaganize kuti kupatula ana ndi chizindikiro cha umphawi wathu. Kulikonse komwe abale achuluka kuposa mipando, ana amapezeredwa pawo.

Ndiponso kwathu kuno kudya motalikirana sikunayambe kwatanthauza kunyozana. Mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi ake aakazi, ndipo palibe amene amati wasalidwa. Amamutumizira chakudya chovundikira bwino m'bakuli, iye n'kudya mwaulemu kwayekha kapena ndi alamu ake. Agogo anga ankasimba za chidyerano, pomwe nyumba zingapo za pamudzi zinkabweretsa nsima ndi ndiwo pamalo amodzi, amuna ndi anyamata kwawo, amayi ndi atsikana kwawo. Amene kunyumba kwake kunalibe ndiwo tsiku limenelo ankadya za anzake popanda womuwerengera mbamu. Anthu ankakhala m'magulu, koma chakudya chinkayenda. Mwana wokulira m'mudzi wotere akauzidwa kuti "pita ukadye ndi anzako", samva kuti wathamangitsidwa. Amamva kuti ali ndi gulu lake.

Ine ndinakulira pamphasa imeneyo, kumudzi kwa amayi cha ku Dowa, ndipo ndikaikumbukira sindimva chisoni. Panali boma lakelake. Wamkulu pagulupo ndiye ankagawa nyama, ndipo akadzikondera tonse tinkakuwa mpaka azakhali atulukire. Munthu sunkayamba kutema nsima wamkulu asanateme. Sunkasunsa mbamu mbali ya mnzako, sunkanyamula mbale kuti umwe msuzi ena akudya, ndipo ukakhuta msanga sunkangodzuka n'kukasamba m'manja ngati unali wekha. Malamulo amenewa sanatiphunzitse ndi munthu wamkulu atanyamula kamtengo. Tinaphunzitsana tokha, nthawi zina ndi chigongono. Msuweni wanga wina wochokera ku Blantyre, amene kwawo ankadya ndi supuni m'mbale yakeyake, chaka choyamba analira chifukwa nsima inatha iye akuuzirabe mbamu yoyamba. Chaka chachiwiri anabwera atachenjera. Lero ndi iyeyo amene ndimamuimbira foni zinthu zikandithina, ndipo ubale umenewo sunamangidwe pa tebulo la akuluakulu. Asuweni amene amaonana kamodzi pachaka amafunika malo oti azolowerane popanda maso a makolo, aseke mkamwa muli mpunga, anamizane za kutauni ndi zakumudzi.

Taganiziraninso zomwe zimakambidwa pakhonde pomwe akuluakulu adyera. Munda wa kudambo womwe amalume akuti unali wa malemu agogo aamuna pomwe azakhali akuti ayi. Ndalama za chiliza zomwe wina anasonkhetsa koma simenti sinaoneke. Banja la uje lomwe likugwedezeka, ankhoswe atopa nalo. Mabanja ambiri amakumana onse pa maliro ndi pa Khirisimasi basi, ndipo pamaliro sungakambe zonse. Nkhanizi zimafuna malo, ndipo mwana wa zaka 8 alibe nazo gawo. Mukamukhazika pakati pa akuluakulu, pachitika chimodzi mwa ziwiri: akuluakulu adzimanga pakamwa, nkhani zofunika n'kugonanso chaka china, kapena alankhula momasuka mwana n'kutola zomwe akazibwereze kusukulu mu Januwale. Mwanayonso sasangalala. Chakudya chonse amangomva "khala bwino", "usalankhule uku ukudya", "tsitsa chigongono". Phwando limasanduka mayeso.

Otsutsa amati mwana amaphunzira khalidwe ndi mbiri ya banja akakhala pakati pa akuluakulu. Mfundoyi ndimailemekeza, makamaka m'tauni momwe bambo amachoka ana akugona n'kubwera atagonanso, ndipo chakudya chamadzulo aliyense amadya nthawi yake maso ali pafoni. Koma ngati mwana sadya ndi makolo ake chaka chonse, nkhomaliro imodzi ya pa 25 Disembala singakonze zimenezo. Konzani masiku enawo. Ndipo mbiri ya banja sitinkaimva nsima ili m'manja. Tinkaimva madzulo, mbale zitatsukidwa, agogo atatambasula miyendo, ife titawazungulira.

Mphasa ndaiteteza mokwanira. Tiyeni tsopano titsate nkhuku.

Pakhomo pa anthu 20 pamaphedwa nkhuku imodzi, mwina ziwiri chaka chikakoma. Nthutumba imapita kwa mwini khomo kapena mlendo wolemekezeka, ndipo ikasowa m'mbale mayi wophika amafunsidwa ngati waba ng'ombe. Ntchafu ndi nyama ya pachifuwa zimapita pakhonde. Amayi amatenga zotsala zooneka bwinoko. Pamphasa pamafika mutu, khosi, zipalapasiro zokulungidwa ndi matumbo, mwina phiko limodzi, ndi msuzi wambiri wothiridwa madzi kuti ukwane. Ana 9 pa khosi limodzi. Tinkakondwera nazo, ndivomere, ndipo mpaka lero zipalapasiro ndimazikonda kuposa ntchafu. Koma kuzikonda kwanga sikusintha masamu ake: anthu amene matupi awo akukula, amene akufunika nyama kuposa wina aliyense pakhomopo, ndi amene amalandira mafupa. Bambo wa zaka 55, amene adokotala anamuuza kale kuti achepetse mafuta ndi mchere, ndiye amapatsidwa ntchafu ziwiri.

Apa ndi pomwe mtunda wa pakati pa khonde ndi mtengo wa mango umagwira ntchito yoipa. Mwana akanakhala pambali pa bambo ake, bamboyo sakanameza ntchafu mwana akumuyang'ana ndi fupa la khosi m'manja. Akanang'amba n'kumupatsa, chifukwa amuna ambiri si ouma mtima chotero. Koma mphasa ili kutali, mbale ya ana inadutsa kuseri, ndipo palibe wapakhonde amene anaiona. Aliyense amadya ndi mtima woyera. Chimene sunaone sichikulasa.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira. Sindikunena kuti khosi la nkhuku la pa Khirisimasi ndilo limapinimbiritsa mwana. Zoyambitsa n'zambiri: umphawi, matenda otsekula m'mimba, phala lopanda kanthu, amayi oyembekezera osadya mokwanira. Koma tsiku la phwando limaonetsa poyera lamulo lomwe limagwira ntchito mwakachetechete chaka chonse, loti chabwino chimayambira kwa wamkulu n'kutsika, ndipo chikafika pansi chimakhala chitatha. Kumbukiraninso kuti Disembala ndi mwezi womwe nkhokwe zambiri zimakhala zitayamba kulira, chimanga chatsopano chili m'mawondo. M'nyumba zambiri nkhuku ya Khirisimasi ndi nyama yoyamba patapita milungu, ndipo ina idzaoneka mwina pa Chaka Chatsopano kapena pa Pasaka. Amayi akapita kusikelo amaphunzitsidwa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, amaimba ndi nyimbo zomwe. Akafika kunyumba gulu la zanyama limakwera khonde.

Mbale imodzi ya ana onse nayo ili ndi msampha womwe ife okula nayo sitikonda kuuvomera. Imayenda bwino ana akakhala a misinkhu yofanana. Koma ikani mwana wa zaka zitatu pakati pa anyamata a zaka 11 ndi 12 amene akhala akuthamangitsa mpira wachikulunga kuyambira m'mawa. Wamng'onoyo amatola mpunga pang'ono, amayang'ana nkhuku yodutsa, amaseweretsa chala mu msuzi, ndipo akabwerera m'mbale amapeza pansi pakuwala. Salira, chifukwa m'mimba mwadzaza Sobo. Amayi ake amafunsa chapatali kuti "mwadya?", gulu lonse n'kuyankha kuti "eee". Alangizi a zaumoyo akamanena kuti mwana wamng'ono azikhala ndi mbale yakeyake ndiponso munthu wamkulu azikhala naye pomwe akudya, sakulimbana ndi chikhalidwe. Akungofuna kuti wina adziwe kuchuluka kwa zomwe zalowa m'mimba mwa mwanayo. Mwana wosakwana zaka zisanu malo ake ndi pamwendo kapena pambali pa mayi, bambo kapena agogo ake. Mphasa ndi ya amene angathe kudziteteza.

Palinso beseni. Madzi osamba m'manja amayambira pakhonde, amapita kwa amayi, n'kumalizira kwa ana atasanduka mtundu wa thobwa. Dziko lino linaona kolera woopsa kuposa wina aliyense m'mbiri yake kuyambira mu Malichi 2022 mpaka chaka cha 2023, ndipo anthu oposa 1,700 anamwalira. Matendawa anakula kwambiri m'nyengo ya mvula, nyengo ya Khirisimasi yomweyi. Tinaphunzira nthawi imeneyo kuthirirana madzi ndi jagi ndi kusamba ndi sopo. M'makomo ambiri jagi ija imagwirabe ntchito pakhonde, koma ana anabwerera ku beseni.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndinachiona m'tauni, osati kumudzi. Ndinaitanidwa chaka china kukadya Khirisimasi kwa anzathu ena ku Lilongwe, nyumba ya mpanda, tebulo lalitali la galasi. Kumeneko ana sanapatulidwe ayi. Ana a eni nyumba anakhala nafe, aliyense ndi mbale yake, foloko yake ndi botolo la Fanta. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mlamu wanga ndi anzake ali ndi mfundo. Kenako ndinadzuka kukasamba m'manja, ndipo pakhomo la kukhitchini ndinapeza ana ena atatu atakhala pasimenti: awiri a malemu mchemwali wake wa bambo wa nyumbayo, amene akuleredwa pomwepo, ndi mtsikana wantchito amene msinkhu wake sunkaposa wa mwana woyamba wa m'nyumbamo. Ankadya mpunga wa pansi pa mpoto ndi msuzi. Nyumba yomwe inathetsa mphasa ya ana inali itangoisamutsira kuseri, n'kusankha ana oti akhalepo. Kumudzi kwa mayi, mwana wa mphunzitsi, mwana wamasiye ndi mwana wa oyandikana nawo amene anangobwera atamva fungo la anyezi, onse amagwera mbale imodzi. Khosi lija n'lochepa, koma limachepera onse mofanana. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndaona kuti mwambiwu umakhala bwino pamphasa kuposa patebulo la galasi, chifukwa tebulo lili ndi mipando yowerengeka ndipo wina amayenera kusankha woti akhalepo.

Funso lina lomwe sitilifunsa ndi loti munthu amachoka liti pamphasa. Malamulo a dziko, chisinthireni mu 2017, amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Pakhomo sitiyendera zimenezo. Mnyamata akangoyamba kumera tindevu, amalume amamuitana kuti, "Bwera kuno, wakula iwe", ndipo tsiku limenelo amalawa ntchafu koyamba. Ine ndimalikumbuka tsiku langa, ndipo ndinayenda modzimva sabata yonse. Mchemwali wanga, wamkulu kwa ine ndi zaka ziwiri, sanaitanidwepo. Iye anachoka pamphasa ali ndi zaka 12, koma sanapite pakhonde. Anapita kumoto. Kuyambira pamenepo Khirisimasi yake inali kutunga madzi m'bandakucha, kusosola nkhuku, kupeta mpunga, kugwada popereka madzi kwa ife, n'kudya chotsala ataimirira mbale zikumudikira. Sindinazione zimenezi mpaka iye mwini atandiuza tili akuluakulu, akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene anawerenga zaka zonsezo. Ngati mphasa ndi ya ana, mtsikana wa zaka 12 ndi mwana. Akhale pansi adye ndi anzake chakudya chikadali chotentha, ndipo anyamata amene akudikira kuitanidwa pakhonde ayambe aphunzira kutsuka mpoto.

Zomwe ndikupempha sizifuna tebulo latsopano kapena ndalama. Mphasa iyalidwe pomwe apakhonde akuiona, osati kuseri kwa nkhokwe. Wopakula ayambire mbale za ana, nyama yeniyeni ilowemo, kenako apakulire akuluakulu. Pa nkhuku imodzi, ntchafu imodzi ingathe kudulidwa tizidutswa tokwana ana angapo, ndipo pakhonde sipafa munthu. Nditanena izi kwa amalume anga chaka chatha, anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mphwanga, sukulu yakuonongani. Ulemu upita kuti?" Funsolo si lopusa. M'nyumba momwe wamkulu salemekezedwa, ana nawonso sakhala pabwino, ndipo ine sindikufuna pakhomo pomwe mwana amalanda mbale ya agogo ake. Koma ulemu wa chakudya kwathu sunali pa kuchuluka kwa nyama. Nthutumba ndi kanthu kakang'ono, kolimba, kosakwana n'komwe kudzaza chikhatho. Imapatsidwa kwa mwini khomo chifukwa pa nkhuku imakhalapo imodzi yokha, ndipo aliyense akaiona m'mbale mwake amadziwa kuti wamkulu pano ndi uyu. Nthutumba ikhale ya amalume mpaka kalekale. Madzi ayambire kwa iwo, pemphero apereke ndi iwo, mpando wabwino ukhale wawo. Ntchafu ilibe mwambo wotero. Tinangoizolowera ife amuna chifukwa imakoma.

Ndipo akuluakulu enieni ankadziwa zimenezi. Agogo anga aakazi ankalandira mbale yawo, n'kudya pang'ono, kenako ankaitana kamdzukulu kochepetsetsa n'kukaika nyama m'kamwa ndi dzanja lawo. Agogo aamuna ankasiya dala nsima ndi fupa lokhala ndi mnofu, n'kukankhira mbale kwa ife ngati akhuta. Tinkaganiza kuti okalamba sadya kwambiri. Ankakonza mwakachetechete zomwe chipande chinalakwitsa. Vuto n'loti kukonza kotereku kumadalira mtima wa munthu mmodzi, ndipo munthuyo akapita kumanda mbale ya ana imabwerera pa khosi ndi msuzi.

Tsiku lija ana a mlamu wanga anakhala pamphasa. Wamkuluyo anayamba wayang'ana uku ndi uku kufuna supuni, msuweni wake n'kumugwira dzanja kumuonetsa kaumbidwe ka mpunga. Pasanathe mphindi khumi kunali phokoso loti nkhuku zinathawa pansi pa mtengowo, Chingelezi ndi Chichewa zitasakanikirana mosadziwika mutu wake. Mayi awo anawaitana kawiri kuti abwere adzakhale nawo, ndipo sanatembenuke n'komwe. Madzulo wamng'onoyo anabwera kudzafunsa mayi ake chifukwa chomwe nkhuku za ku Malawi zimakhala ndi mapazi okhaokha. Tonse pakhonde tinaseka, koma ine ntchafu yomwe ndinadya masana inandikhala pakhosi.

Chaka chino ndatumiza kale ndalama ya nkhuku zitatu zachikuda ndi mpunga wa Kilombero, ndipo ndauza mayi kuti imodzi yathunthu ipite pamphasa, yodulidwa bwino, mchemwali wanga akhale pansi ine ndi achimwene tipakule. Mayi anangoti, "Tidzaona ngati mudzaugwire mpoto osaugwetsa." Amalume uthengawo unawapeza, ndipo anandiimbira foni Lamlungu lapitali. Ndinakonzeka kumva za sukulu yomwe inandiononga. Anatsokomola, anafunsa za mvula ya kuno, kenako anati, "Ndiye nkhuku zitatuzo, mphwanga, nthutumba zake zonse zibwera kwa ine?"